Zotsatira za chilonda chamoto cha mwana wanga ndi mankhwala a growth factor aja

Abale, ndabweranso kudzathokoza. Masabata asanu apitawo, mwana wanga wa zaka zitatu atapsa ndi phala pantchafu, ndinafunsa ngati ndingagule mankhwala opopera a growth factor omwe alamu anga okhala ku China ankati amafulumizitsa khungu kumera.

Ndinatsata langizo la mayi ena omwe anandiyankha, amene anati ndi namwino, loti ndisapake kalikonse adokotala asanaone kuzama kwa chilondacho. Zikomo kwambiri, mayi.

Adokotala anandifotokozera kuti mankhwalawa ndi enieni. Ndi mapuloteni ofanana ndi omwe thupi limapanga lokha, olimbikitsa maselo a khungu kuchulukana, ndipo ku Japan ndi ku China amawagwiritsadi ntchito pa zilonda zamoto zosazama kwambiri. Koma sapha majeremusi, ndipo pomwe khungu lapsa lonse mpaka pansi sipatsala choti chimere. Sitinagule.

Kuchipatala ankatsuka chilondacho, kupaka mankhwala opha majeremusi otchedwa silver sulfadiazine n'kumanga bandeji masiku awiri aliwonse. M'mbali munayamba kutuluka kakhungu kofiira, kopyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo pofika tsiku la 16 mbali yaikulu inali itatseka. Pakati pokha, malo aakulu ngati chikhatho chake, panakana kupola, mpaka anachita kutenga khungu pantchafu inayo n'kumatapo. Pano akuthamanga, kungoti usiku amalira ndi kuyabwa.

Chomwe chimandiwawabe n'choti tsiku lomwe anapsalo ndinathamangira kumupaka mankhwala otsukira mano. Chofunika chinali kuthira madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20, osati ayezi, kenako kuchipatala. Adokotala anatiuzanso kuti tizimupatsa mazira, nyemba, usipa ndi phala lotendera tsiku lililonse, chifukwa chilonda chimafuna chakudya chomanga thupi kuti chipole.