Wa saundi pa mpikisano wa zisudzo bwanji satchulidwa?

NaBanda, Bembeke:
Mwana wa mchemwali wanga ali ku koleji, ndipo ndiye anakonza saundi ya sewero lawo. Mvula anaijambula yekha pa foni ikumenya malata kuno ku Dedza, bingu ankalipanga pogwedeza lata lakale kuseri kwa nsalu, nyimbo ya maliro n'kumaitsitsa pang'onopang'ono mpaka holo yonse kuti zii. Mphoto zinapita kwa osewera awiri ndi wotsogolera sewero. Iye ngakhale dzina lake osalitchula. Ndi mmene zimakhalira kodi?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Mayi, ambirife tinakulira m'mipikisano ya zisudzo ya ATEM (bungwe la aphunzitsi a Chingerezi) ku sekondale, komwe khutu limakhala pa Chingerezi cha osewera. Saundi ikayenda bwino palibe amaiona. Sipika ingolira kamodzi, aliyense amatembenukira kwa mnyamata wa pa mikisa.

Kachere:
Si kuno kokha. Ku Tony Awards, mwambo wopereka mphoto za zisudzo ku New York, mphoto ya saundi inayamba mu 2008, anaichotsa mu 2014, anthu atadandaula inabwerera mu 2018. Koma pa mpikisano wa zisudzo wa makoleji ku America, ophunzira a saundi amaweruzidwa paokha.

NaBanda, Bembeke:
Nanga oweruza athu angaiweruze bwanji, poti ambiri ndi aphunzitsi a chilankhulo?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Muuzeni alembe papepala phokoso lililonse, pomwe likulowera ndi chifukwa chake, apereke kwa oweruza sewero lisanayambe. Dzina lake lilembedwenso pa pulogalamu. Ndipo azinyamula sipika ya batire, magetsi sadalirika.