Ndithandizeni kufufuza mbiri ya agogo amene anatenga malo ku Kansas

NaPhiri wa ku Wichita:

Abale anga, ndabwera ndi nkhani yachilendo pang'ono. Ine ndimakhala ku Kansas kuno, ndipo amuna anga ndi munthu wakuda wobadwira ku America konkuno. Apongozi anga aakazi akalamba, maso ayamba kuvuta, ndiye andipatsa Baibulo lakale la pabanja pawo kuti ndisunge. Patsamba loyamba pali mayina olembedwa ndi inki yofwifwa, ndipo pamwamba penipeni pali dzina la mayi amene banja lonse limamutchula kuti ndiye tsinde. Akuti anabadwira mu ukapolo ku Kentucky, amuna ake atamwalira ananyamula ana nkubwera ku Nicodemus, mudzi umene anthu akuda anayambitsa mu 1877, ndipo anatenga malo m'dzina lake. Apongozi akuti zaka zoyamba ankagona m'nyumba yokumba pansi, denga lake udzu ndi dothi.

Vuto langa ndi lakuti m'Baibulomo mayiyu ali ndi mayina a bambo awiri, lina lafufutidwa ndi mzere. Palibe chaka chobadwa. Mwana wanga wamkazi amadziwa mzere wa kwathu ku Dedza mpaka agogo a agogo, chifukwa amayi anga amautchula pamtima, koma mbali ya bambo ake yathera pa dzina limodzili. Zimandiwawa. Ndiyambire pati?

Bambo a Chisomo, Omaha:

Mayi, yambirani pa malowo. Lamulo la Homestead Act la mu 1862 linkapereka maekala 160 kwa munthu wa zaka 21 kapena mutu wa banja, bola akhalepo ndi kulima zaka zisanu. Mayi wamasiye ankaloledwa, choncho zimene akunena apongozi anu ndi zotheka ndithu. Pitani pa intaneti pa tsamba la Bureau of Land Management, gawo la General Land Office, musankhe Kansas ndi Graham County, mulembe mayina onse awiri aja. Mukapeza chikalata cha malo, musakhutire nacho, chifukwa chimangonena dzina, tsiku ndi pamene pali malowo.

Chuma chenicheni chili m'fayilo imene imasungidwa ku National Archives ku Washington. Munthu asanapatsidwe malo ankayenera kubwera ndi mboni ziwiri, ndipo iye mwini ankayankha mafunso: zaka zake, kumene anabadwira, anafika liti pamalopo, nyumba ndi yotani, walima maekala angati, akukhala ndi ndani. Mudzamva mayiyo akudzifotokoza yekha, ngakhale atakhala kuti anasaina ndi X. Mayina a mbonizo muwalembe, nthawi zambiri amakhala achibale kapena anthu amene anachokera limodzi.

Chinthu china: ngati mwamuna anayamba kutenga malo nkumwalira zaka zisanu zisanakwane, mkazi wake ankamaliza ndipo chikalata chinkatuluka m'dzina la mkaziyo. Ndiye fayiloyo idzakuuzani ngati anafika ali wamasiye kale kapena umasiye unamupezera komweko.

Mlongo wanu wa ku Leeds:

Ine ndimakonda za kalembera, ndiye ndilankhulepo za mayina awiriwo. Dzina lofufutidwalo mwina ndi la mwamuna woyamba, mwinanso ndi la mbuye amene ankamusunga mu ukapolo, ndipo banja linalikana pambuyo pake. Musalitaye.

Muyambe ndi kalembera wa mu 1900 nkumabwerera m'mbuyo. Ameneyu amalemba mwezi ndi chaka chobadwa, zaka zimene munthu wakhala pabanja, ana amene mayi anabereka ndi amene ali moyo. Wa mu 1890 musavutike naye, pafupifupi yense anawonongeka pa moto wa mu 1921. Mwayi wanu ndi wakuti Kansas inkachita kalembera wakewake mu 1885 ndi 1895, ndiye mpata umenewo umatsekeka. Wa mu 1880 ndi woyamba kusonyeza ubale wa aliyense ndi mutu wa banja. Mukafika pa 1870 muwoloke kupita ku Kentucky, muyang'ane kaye madera a Lexington ndi Georgetown, kumene magulu oyamba a ku Nicodemus anachokera.

Kubwerera m'mbuyo kupitirira 1870 ndi pamene pali khoma. Mu 1860 akapolo ankalembedwa pansi pa dzina la mbuye, msinkhu, mwamuna kapena mkazi, khungu, basi, popanda dzina. Ndinatsegulapo tsamba limodzi lotero ndipo mtima unandilemera tsiku lonse. Komabe pali njira. Banki ya Freedman's Savings, ya anthu omasulidwa mu ukapolo, inali ndi nthambi ku Lexington ndi ku Louisville, ndipo wotsegula akaunti ankatchula makolo, abale ndi ana ake. Komanso ngati mwamuna woyamba uja analowa usilikali ku Camp Nelson, msasa wa asilikali ku Kentucky, pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, mkazi wake ayenera kuti anapempha penshoni, ndipo mapepala a penshoni amafotokoza ukwati ndi ana mwatsatanetsatane. Zambiri mwa izi zili pa intaneti pa tsamba la FamilySearch, osalipira.

Gogo Jere:

Ana inu mwathamangira mapepala. Mapepala adikira, koma apongoziwo sadikira. Mwana wanga NaPhiri, Loweruka lomwe lino khala nawo pansi, foni ili patebulo ikujambula mawu. Usawafunse zaka, adzangosokonezeka. Afunse kuti mayiyo ankapemphera tchalitchi chiti, anaikidwa manda ati, ndani anatchedwa dzina lake, ankaphika chiyani. Uwawerengere mayina a m'Baibulomo limodzilimodzi, uone pamene nkhope yawo isinthe.

Ukatero upite ku Nicodemus komweko. Mwana wanga ananditengerako. Ndi kamudzi kakang'ono pakati pa chidikha chopanda mitengo, mphepo yokhayokha, ndipo tchalitchi, sukulu ndi holo yakale zilipobe, boma linaziteteza mu 1996. Anatifotokozera za mayi wina, Willianna Hickman, amene anafika mu 1878: atamulozera utsi ukutuluka pansi nkumuuza kuti mudzi ndi umenewo, analira. Njanji itawalambalala, ambiri anasamuka, ndiye usadabwe ukapeza ana a mayi wanuyo ku Topeka kapena ku Denver. Kumapeto kwa July zidzukulu zimasonkhana kumeneko chaka ndi chaka. Pita ndi Baibulolo, ukawaonetse akuluakulu.

Ndipo pomufotokozera mwana wako, umuuzenso kuti dzikolo silinali lopanda eni. A Cheyenne ndi a Pawnee, mitundu ya eni nthaka a ku America, ankasaka njati kumeneko asanachotsedwe. Ife a ku Thyolo nkhani ya malo timaidziwa kupweteka kwake.

NaPhiri wa ku Wichita:

Zikomo nonse, mwandipatsa poyambira. Bambo a Chisomo, ndafufuza usiku womwe uno ndipo dzina lofufutidwa lija latuluka ku Graham County, maekala 160, dzina loyamba ndi la mayi yemweyo. Manja anali kunjenjemera. Ndawaimbira apongozi, akuti dzina limenelo amalikumbukira kuti analiona pa mwala wa pamanda ali mtsikana. Gogo, Loweruka ndikupita ndi mwana yemwe. Funso lotsala: poitanitsa fayilo ija ku Washington, ndiwapatse nambala imene ili pamwamba pa chikalatacho, kapena manambala a malo aja?