Leaf yochokera ku Japan, ndiziitchaja bwanji kuno ku Mzuzu?

MayiWakuKatoto
Abale muli bwanji? Ine zamizere ya mafuta zanditopetsa, ndiye ndikuganiza zoitanitsa galimoto yamagetsi, Nissan Leaf yakale ija ya batire ya 24 kWh, kuchokera ku Japan. Maulendo anga si aatali, kuchoka ku Katoto kupita ku ntchito ku Luwinga, Loweruka ku Ekwendeni kukaona amayi, mwa apo ndi apo ku Nkhata Bay kukagula nsomba. Chikundizunguza mutu ndi matchaja, ena akuti Type 1 ena Type 2 ena CHAdeMO, ine ndimangodziwa kutchaja foni basi. Kodi ndingangoilumikiza pa soketi ya kunyumba? Odziwa ndithandizeni ndisanataye ndalama.

AmisiriAkuChibavi
Mayi, ine ndimagwira za magetsi, ndiyese kufotokoza mmene ndimawauzira makasitomala. Kutchaja kuli pawiri, kwa AC ndi kwa DC. Magetsi a m'nyumba ndi AC koma batire imasunga DC, ndiye mkati mwa galimoto muli kachipangizo kosintha, ndipo liwiro la kutchaja kunyumba limatengera kachipangizo kameneko. Pa Leaf zambiri zakale kamafika cha m'ma 3.3 kW basi.

Pa soketi yathu ya mano atatu, 230V, katchaja konyamula m'manja kamakoka pafupifupi 10A, ndiye kuti 2.3 kW. Gawani 24 ndi 2.3 mupeza maola 10 ndi kakutsogolo, kutanthauza kuti mwailumikiza madzulo mukafika, m'mawa yadzadza. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi 1 kWh, ndiye kudzaza kuchokera pansi ndi mayunitsi 24 kuonjezerapo pang'ono otayika, mukhoza kudziwerengera nokha ndi mtengo womwe mumagulira.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Ketulo imakoka magetsi ambiri koma mphindi zisanu yazima, galimoto imakoka usiku wonse osapuma, ndiye ngati mawaya a m'nyumba ndi aja otchipa kapena soketi yake ndi yogwedera, imatentha mpaka kusungunuka inu muli mtulo. Ndinapitapo pa nyumba ina pomwe munthu ankatchajira pa ekisitenshoni yodutsa pawindo, pulagi inachita kuda bii. Kokani waya wakewake kuchokera pa bolodi, ukhale ndi buleka yake ndi ethi yabwino, galimoto zimenezi ethi ikakhala yolakwika zina zimangokana kutchaja. Chinanso, chingwe chobwera ndi galimoto kuchokera ku Japan chinapangidwira 200V ndipo pulagi yake si yathu, musadule n'kulumikiza mwachisawawa, gulani china cha 230V cha Type 1.

Mjomba_Luwinga
Kuonjezera pa zomwe anena amisiri, nkhani ya mabowo. Leaf ili ndi mabowo awiri kutsogolo pamphuno. Laling'onolo ndi Type 1 la AC, lalikululo ndi CHAdeMO la DC, lotchajira mwachangu. Matchaja a DC ndi aja aakulu ngati pampu ya pa filingi, amalowetsa magetsi molunjika mu batire osadzera kachipangizo kamkati kaja, ya 50 kW imafikitsa Leaf pa 80% mu mphindi pafupifupi 30.

Vuto ndi loti dziko lililonse linasankha zake. Ku Ulaya ndi ku South Africa amagwiritsa Type 2 pa AC ndi CCS2 pa DC, galimoto zopangidwira msika wa ku China zimabwera ndi GB/T, pomwe CHAdeMO ndi ya ku Japan ndipo ikunka nichepa, matchaja atsopano ambiri akungoikidwa CCS2. Kuno galimoto timatola konsekonse ndiye mudzaona tchaja yokongola yaima apo koma bowo lanu silikugwirizana nayo. Pa AC si nkhani, chingwe cha Type 2 mbali ina Type 1 mbali ina chilipo. Pa DC ndiye adaputa zake ndi zodula zedi.

MayiWakuKatoto
Yewo chomene achimwene nonse. Nanga tchaja zija zomangirira pakhoma za 7 kW ndigule? Wina amandiuza kuti ndi zachangu katatu.

AmisiriAkuChibavi
Zachangu katatu pa galimoto yomwe ingalandire, mayi. 7.4 kW ndi 32A pa single phase, magetsi wamba a m'nyumba aja, za 11 ndi 22 kW zimafuna three phase yomwe nyumba zambiri mulibe. Ngati Leaf yanu ndi ya 3.3 kW idzakokabe 3.3 yomweyo ngakhale muikire ya 22, mungopindula maola awiri atatu. Funsani kaye wogulitsayo kuti kachipangizo kamkati ndi kamphamvu zingati. Phindu lake lenileni ndi poti magetsi akabwera mochedwa usiku, maola ochepawo mumapezapo zambiri. Komanso 32A pamodzi ndi kuka ndi giza buleka yaikulu ikhoza kumagwa, wina adzayeze kaye.

KabazaWaMchengautuwa
Ine galimoto ndilibe koma nkhaniyi ndimaitsatira. Kwa ife a njinga zamoto mtundu womwe ndimaulakalaka ndi wosinthanitsa batire, ngati zomwe Ampersand ikuchita ku Kigali, umafika ndi batire yakutha n'kukupatsa yodzadza, mphindi zochepa wabwerera pamsewu. Wakabaza sangaime maola anayi kudikira tchaja makasitomala akukwera kwa anzake.

Mjomba_Luwinga
Zoona zimenezo akulu. Mayi, chomaliza kwa ine, musanalipire apempheni chithunzi cha dashibodi muone timizere ta thanzi la batire kumanja, timakhala 12 ikakhala yabwinobwino, zikatsala 8 ndiye kuti mtunda wachepa kwambiri. Ku Luwinga ndi ku Ekwendeni palibe nkhawa, makilomita 20 si kanthu. Ku Nkhata Bay potsika mudzasangalala chifukwa pa chitsikitsiki galimoto imabweza magetsi mu batire, koma pobwerera chikweza chija chimadya zenizeni, nyamukani yodzadza ndipo chingwe chikhale mu buti. Za ku Lilongwe kudzera pa Chikangawa ndi Jenda, makilomita oposa 300, ndi ya 24 kWh musayerekeze, kwerani basi.

MayiWakuKatoto
Ndamva. Ndiyamba ndi waya wakewake ndi chingwe cha 230V, za pakhoma ndiona galimoto ikafika. Amisiri, ndikutumizirani uthenga mudzaone bolodi yanga Loweruka ndisanapite kwa amayi, nyumbayi ndi yakale ndipo mawaya sanasinthidwepo chiilowereni.