Ndiitanitse buku liti la zinsinsi? Msuweni wanga wati limodzi lokha

Membala Wobisa Dzina:
A admin mundibise chonde, alamu anga ali m'gulu lomwe lino. Ine ndimakhala ku Machinjiri. Magetsi akazima ana amagona msanga, bambo a kunyumba amati akukaonera mpira, ine ndimatsala ndekha ndi kanyali ka sola, tulo osabwera. Ndikufuna buku lija loti munthu waphedwa kapena wasowa, iwe osadziwa wabodza ndani mpaka tsamba lomaliza. Latsopano, osati la makedzana. Msuweni wanga akubwera pa basi kuchokera ku Johannesburg Loweruka, wati nditchule limodzi lokha chifukwa katundu wamuchulukira. Munthu amene ndinamusungira ana chaka chatha osamupempha ngakhale ya sopo! Limene ndinali nalo anabwereka alamu omwewo, labwerako lili mafuta okhaokha, masamba akumapeto kulibe, akuti mwana anakulungira zitumbuwa. Pepani sananene. Ndikadandaula akuti ndimadzimva sukulu. Ndiitanitse liti?

Nachisale wa ku Chilomoni:
The Housemaid la Freida McFadden, la 2022. Mtsikana wotuluka kundende, wogona m'galimoto, wapeza ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera. Amupatsa kachipinda ka m'denga, chitseko chake chokiyira kunja. Ine ndinapsereza nalo nyemba, poto mpaka lero ndi wakuda.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga, latsopano lachiyani? Ife tinakulira James Hadley Chase, buku limodzi kuzungulira hostelo yonse mpaka chikuto kuchoka. Kunali ma Pacesetters. Kunali Mmalawi mnzathu Aubrey Kalitera, A Taste of Business la 1976, kenako Why Father Why. Ndani wa inu anamuwerenga? Za lerozi nkhani yake ndi imodzi: mkazi akunamiza mwamuna, mwamuna akunamiza mkazi, onse zidakwa. Gone Girl mdzukulu wanga anandipatsa, ndinalekeza pakati.

Mnyamata wa ku Ndix:
Madala, mayiwa ati latsopano. Mwalowa ndi 1976 ngati tikukamba za njanji.

Aphunzitsi Opuma:
Iwe, ulemu. Pamene ndinkayamba kugwira choko bambo ako anali asanavale nsapato.

Namwino wa Usiku:
Achemwali, tiuzeni kaye amene munawerenga kale, tingamangotchula omwewo. Ine langa ndi My Sister, the Serial Killer la Oyinkan Braithwaite, la 2018, nkhani ya ku Lagos. Korede ndi namwino ngati ine. Mng'ono wake Ayoola, chiphadzuwa, akapha chibwenzi amaimbira foni mkulu wakeyo kuti abwere ndi magolovesi ndi mankhwala okolopera. Mitu yake ndi yaifupi, ina tsamba limodzi, kanyali kanu sikangathe moto musanafike patali. Linandikhudza chifukwa nanenso mng'ono wanga akapalamula amakumbuka ine. Ngongole ya banki m'khonde anatenga ndi iye, akubweza ndine, mayi akuti mwana ndi mwana.

Mayi a Mvano:
Usiku ngati tulo tavuta gwadani mupemphere. Mukamadzaza mutu ndi za kuphana mukuitana chiyani m'nyumbamo? Mawa mudzayamba kukayikira amuna anu opanda chifukwa.

Mnyamata wa ku Ndix:
Chifukwa chilipo amayi. Champions League ndi Lachiwiri ndi Lachitatu, nanga masiku enawo bambowa akuonera mpira wanji? Asisi, buku musagule, chinsinsi chili m'nyumba mwanu momwemo, fufuzani chimenecho 😂

Membala Wobisa Dzina:
Za banja langa zisiyeni, sindinabwere ndi zimenezo. Ndipo alamu aja andilembera pa WhatsApp kuti andizindikira. Akuti buku lokha mpaka kuwaika pa gulu.

Namwino wa Usiku:
Koma funso langa lija simunayankhe.

Kalaliki wa ku Limbe:
Ine ndinene za Lightseekers la Femi Kayode, la 2021. Ophunzira atatu a ku yunivesite aphedwa ndi chigulu cha anthu m'tauni ina pafupi ndi Port Harcourt, matayala m'khosi, anthu akujambula pa foni. Amene anachita akudziwika, kanema alipo. Bambo wa mmodzi wa anawo alemba ntchito katswiri wa za maganizo, Philip Taiwo, kuti apeze chimene chinachititsa, ndi amene anakoleza moto kumbuyo. Aliyense amene anamvapo mfuu ya "wakuba!" mumsika, n'kuona anthu akuthamanga ndi miyala asanafunse n'komwe chabedwa, buku limeneli silimusiya. Ndi lolemera pamtima, ngati mukufuna loseketsa si limeneli. Msuweni wanuyo mumutumizire chithunzi cha chikuto, akafunse ku sitolo ya mabuku ya Exclusive Books, asamangonena dzina pakamwa angakubweretsereni lina.

Aphunzitsi Opuma:
Mwaona? Wa ku Nigeria, wa ku Nigeria. Athu ali kuti? Ana athu akumaliza Fomu 4 osagwirapo buku lopanda mayeso. Laibulale ya National Library Service mu Blantyre muno ilipo, ndani amapondako kupatula nthawi ya MSCE? Foni basi. Ndipo wina asandiuze za The Girl on the Train, wolemba wake Paula Hawkins anabadwira ku Harare konkuno, koma nkhani anakaiika m'sitima za ku London. Za kuno zinamuchepera?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Aphunzitsi, ndiye munaliwerenga? Mumati zalero simugwira.

Aphunzitsi Opuma:
Ndinangoona kumbuyo kwa chikuto.

Dolo wa Ma PDF:
Onsewa ndili nawo pa foni, inbox, mtengo wa bandulo basi.

Admin:
Malonda a mabuku okopera m'gulu muno ayi. Kachiwiri ndikuchotsani.

Membala Wobisa Dzina:
Pepani ndimasambitsa mwana. The Housemaid ndinawerenga, Gone Girl ndi la sitima lija ndinawerenganso. Long'ambidwalo ndi The Silent Patient la Alex Michaelides. Alicia uja wawombera mwamuna wake kasanu kumaso n'kusiya kuyankhula, ndafika poti dokotala Theo wapatsidwa buku lake lolembamo za tsiku ndi tsiku, patsogolo pang'ono masamba kulibe. Ndiye sindikudziwa, ndiitanitse lomweli kapena lina?

Namwino wa Usiku:
Mukanayamba ndi zimenezi! Musawononge mwayi wa Joni pa masamba ochepa. Limeneli ndi la 2019, linafala kwambiri, yendani kwa anyamata oyala mabuku pansi m'tauni kapena ku Limbe, kapena wina muno akubwerekeni. Pogula tsegulani kumapeto muone ngati masamba ali onse. Kwa msuweni itanitsani la Kayode kapena la Braithwaite, amenewo pano ndi osowa.

Mnyamata wa ku Ndix:
Kapena ndingokuuzani mathero, mundiponyere ya Fanta pa Mpamba. Munthu amene mukumukhulupirira kwambiri ujatu...

Nachisale wa ku Chilomoni:
Ukangoyerekeza! Admin mugwireni ameneyu, ena tili pa mutu wachitatu.

Aphunzitsi Opuma:
Kubwereketsa buku kwa wachibale ndi kutaya. Anga a Chase khumi ndi awiri anapita choncho, lina ndinakalipeza litatchingira mwendo wa tebulo kwa mphwanga ku Bangwe. Ine bwenzi alamuwo nditawalipiritsa.

Kalaliki wa ku Limbe:
Aphunzitsi, lanu lilipo. The Thursday Murder Club la Richard Osman, la 2020. Okalamba anayi a pamudzi wa anthu opuma ntchito ku England amakumana Lachinayi lililonse kufukula milandu yakale imene apolisi inawakanika, kenako munthu aphedwa pakhomo pawo pomwe. Amavutitsa apolisi ngati mmene mukutivutitsira inu muno.

Mayi a Mvano:
Lachinayi ndi tsiku la Mvano, osati la zimenezo.

Aphunzitsi Opuma:
Chase sangamufike. Koma zilembo zake n'zazikulu bwanji? Magalasi anga ndinamanga ndi waya mbali imodzi. Ndipo msuweni wa mayiwa akuti limodzi lokha, buku limalemera chiyani, angalephere awiri?