Ndasankhidwa kukhala msungichuma wa komiti ya sukulu, kodi ndisaine macheke osalembedwa kanthu?

Mayi wa ana atatu analemba:

Moni nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndipo ndikudziwa kuti muno muli aphunzitsi komanso ena omwe anakhalapo m'makomiti.

Masabata atatu apitawa kunali msonkhano wa makolo pasukulu ya pulayimale pomwe ana anga awiri amaphunzira, wamkulu ali Sitandade 6, wamng'ono Sitandade 2. Ine chomwe ndinapitira n'chimbudzi cha atsikana. Chitseko chake chinaguluka chaka chatha, ndipo mwana wanga wamkuluyo amadzigwira tsiku lonse mpaka akafike kunyumba. Ndinaimirira kamodzi kokha n'kunena zimenezo. Itakwana nthawi yosankha komiti yatsopano, mayi wina anatchula dzina langa, manja anakwera, basi ndine msungichuma.

Palibe amene wandikhazika pansi kundiuza ntchito yanga. Msungichuma wakale anandisiyira kope lothothoka masamba ndi envulopu ya malisiti osakanikirana, ena inki inafufutika. Ndiye Lachisanu lapitali a hedi anandiitanira ku ofesi. Anati ndalama zomwe boma limatumiza zothandizira sukulu zalowa ku banki, choncho ndisainiretu macheke atatu osalembedwa kanthu kuti ndisamavutike kubwerabwera iwo akafuna kugula zinthu. Anayankhula mwaulemu, sanandikakamize, ndipo ndi munthu amene ndimawalemekeza. Koma dzanja langa linalemera. Ndinawapempha kuti ndikaganize kaye.

Kodi ndinalakwa? Ndikuopa kuti aziti mayi uyu wangolowa kumene wayamba kale kukayikira anthu. Chinanso, mphunzitsi wa mwana wanga wamng'ono Lolemba sabwera pafupifupi sabata iliyonse, ana amangosewera panja mpaka belu lowerukira. Kodi komiti ili ndi mphamvu pa zimenezi, kapena si zathu? Ndithandizeni, Lachitatu ndiyenera kukawayankha.

Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito anayankha:

Mayi, safunsa anadya phula, mwachita bwino kufunsa. Musasaine. Ndikunena ngati munthu amene ndinakhala pampando wa a hedi anuwo zaka zambiri, ndipo inenso ndinapemphapo zomwezo.

Sindikuti iwowo ndi akuba. Mwina angotopa ndi kusakasaka anthu a komiti choko chikatha. Ine wapampando wathu ankakhala kutali, ndiye ankandisainiratu macheke. Chaka china tinagula simenti yokonzera pansi pa kalasi ya Sitandade 1. Matumba ena ananyowa ndi mvula n'kuuma ngati miyala, ena anabedwa momwe tinkasungira. Makolo atafunsa pamsonkhano, wapampando anaimirira n'kunena zoona zokhazokha, kuti iye simentiyo sanaione ndipo sakudziwa kuti inali matumba angati. Ndinatsala ndekha. Sindinatengepo ngakhale thumba limodzi, koma panalibe munthu wachiwiri wondichitira umboni, ndipo dzina langa linaipa kwa zaka. Siginecha yanuyo imateteza ndalama za ana, imatetezanso a hedi eniakewo. Mukawauze choncho Lachitatu.

Akaunti ya sukulu imakhala ndi osainira angapo kuti munthu mmodzi asamatulutse ndalama payekha. Mukasaina cheke chopanda kanthu mwavomereza kale chilichonse chomwe chidzalembedwepo, ndipo owerengetsera ndalama akadzabwera adzafunsa inu.

Njira yake ndi iyi. Komiti yonse ikhale pansi ndi a hedi, mugwirizane zofunika kuchita chaka chino, kuyambira chopweteka kwambiri. Limenelo ndiye dongosolo lotukulira sukulu, ndipo ndalama zimatsata ilo. Mlembi alembe zomwe mwagwirizana m'buku la misonkhano, ndi tsiku lake ndi maina a omwe analipo. Pogula, funsani mitengo kwa ogulitsa angapo, atatu ngati n'kotheka, akulembereni papepala. Cheke chizikhala ndi dzina la wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama inu musanagwire cholembera. Katundu akafika, membala amene sanapite kogula awerenge ndi maso ake, malata angati, madesiki angati. Lisiti muimate patsamba la tsiku lomwelo. Mwezi ukatha pemphani sitetimenti ya ku banki muiyerekeze ndi kope lanu. Kope lothothokalo musalitaye, koma musalembemonso. Yambani latsopano, tsamba loyamba mulembe ndalama zomwe mwazipeza, msungichuma wakale asaine pansi pake pamodzi ndi inu. Pamenepo ndiye pomwe udindo wake wathera ndipo wanu wayambira.

Za mphunzitsi wojombayo, apa pofunika kudekha. Kugawa aphunzitsi m'makalasi, kuona kaphunzitsidwe, kudzudzula wolakwa, zonsezo ndi ntchito ya a hedi. M'maiko ambiri aphunzitsi a sukulu za boma amalembedwa ndi boma, komiti singawachotse. Musalowe m'kalasi kukam'kalipira, musakam'dikirire panjira. Koma muli ndi ufulu wonse wofunsa a hedi pamsonkhano wa komiti kuti ana a Sitandade 2 ataya masiku angati teremu ino, ndipo iwo achitapo chiyani. Pali buku lomwe aphunzitsi amasainamo m'mawa, yankho lili m'menemo. Funsolo lilembedwe pamodzi ndi yankho lake, ndipo msonkhano wotsatira mufunsenso. Zikapanda kusintha, wapampando alembe kalata kwa mlangizi wa maphunziro woyang'anira sukulu za m'dera lanu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Nthawi zina hedi amakhala atayankhula mpaka kutopa, ndipo kalata ya komiti ndi imene imam'patsa pogwira.

Bambo wokhala ku South Africa anayankha:

Zikomo achikulire, mwalongosola bwino. Ine ndili m'komiti ya sukulu ya mwana wanga kuno, amaitchula kuti SGB. Lamulo lawo la sukulu la 1996 linasiyanitsa momveka zinthu ziwiri zomwe mwanenazo: ulamuliro wa sukulu uli m'manja mwa komiti, kuyendetsa maphunziro kuli m'manja mwa mphunzitsi wamkulu. Makolo ayenera kuposa mamembala ena onse ovota akaphatikizidwa, wapampando amayenera kukhala kholo, ndipo chisankho chimachitika zaka zitatu zilizonse. Bajeti ya chaka imakaperekedwa kumsonkhano wa makolo kuti aivomereze. Pa nkhani ya aphunzitsi, komiti imapereka maina a omwe yawakonda koma wolemba ntchito ndi boma. Ku India lamulo la 2009 linafika ponena kuti magawo atatu mwa anayi a komiti akhale makolo, ndipo theka la mamembala akhale amayi. Ndiye poti malamulo amasiyana dziko ndi dziko, Mayi, pemphani buku la malangizo a komiti ku ofesi ya maphunziro. Muone kuti mumayenera kukhala angati, mukhala zaka zingati, osainira ku banki ndi ati. Munthu ukaligwira m'manja bukulo umayankhula mosanjenjemera.

Chomwe ndikufuna kuwonjezera ndi khoma la ofesi. Ku Uganda anafufuza ndalama zomwe boma linkatumiza kusukulu za pulayimale pakati pa 1991 ndi 1995, anapeza kuti pa 100 iliyonse zomwe zinkafika pasukulu zinali pafupifupi 13 zokha. Zotsalazo zinkathera m'njira, m'maofesi a m'maboma. Boma linayamba kulengeza m'nyuzipepala ndalama zomwe latumiza, ndipo sukulu zinalamulidwa kumata zomwe zalandira poti aliyense aone. Pofika 2001 zofika pasukulu zinapitirira 80 pa 100. Kholo likadziwa kuti kwabwera zakutizakuti, wodula panjira amaganiza kawiri.

Inu chitani chimodzimodzi pasukulu yanuyo. Pepala limodzi basi, lolembedwa ndi zilembo zazikulu: talandira izi tsiku lakuti, tagula izi, zatsala izi. Mulimate panja, osati m'kati mwa ofesi momwe makolo amaopa kulowa. Ndipo pamsonkhano wa makolo muliwerenge mokweza chifukwa si onse omwe amawerenga.

Mphunzitsi wa Sitandade 1 anayankha:

Amayi anzanga, za cheke ndikugwirizana ndi abambo awiriwa, sindibwereza. Koma ndili ndi dandaulo langa ngati mphunzitsi, ndipo poti mwangolowa kumene mwina inu mungalimve.

Ndaona makomiti anayi pasukulu yomwe ndimaphunzitsa. Onse ankakangana za njerwa, malata ndi mlonda. Palibe ngakhale imodzi yomwe inafunsapo kuti mwa ana omwe akuchoka Sitandade 2, ndi angati amatha kuwerenga chiganizo chachifupi paokha. Palibe yomwe inafunsapo kuti atsikana omwe anayamba Sitandade 5 ndi angati anafika Sitandade 8, ndipo enawo ali kuti. Ine kalasi yanga ili ndi ana opitirira 100, mabuku owerenga amagwirana anayi anayi, ena ali m'makatoni ku ofesi poopa kuti ang'ambika. Komiti itangofunsa kuti mabukuwo akutani m'katoni, mawa lake angatuluke. Ku England ntchito za komiti ya sukulu amazitchula zitatu: kuika masomphenya a sukulu, kufunsa mphunzitsi wamkulu za momwe ana akukhozera, ndi kuyang'anira ndalama. Yachiwiriyo ndi imene imaiwalika, chonsecho siilira ndalama. Simufunika kukhala wophunzira kwambiri kuti mufunse. Muzingofunsa funso lomwelo teremu iliyonse, muzilemba nambala, mudzaona nokha ngati ikukwera kapena ikutsika.

Maiko angapo atathetsa fizi ya pulayimale, Malawi mu 1994, Uganda mu 1997, Kenya mu 2003, ana anadzadza m'makalasi, zomwe zinali zabwino. Koma makolo ambiri anayamba kuona ngati sukulu ndi ya boma basi, iwo kwawo n'kutumiza mwana. Komiti ndiye mlatho wobwezera makolo pasukulu. Musaisokoneze ndi PTA. PTA ndi makolo onse pamodzi ndi aphunzitsi, komiti ndi anthu ochepa osankhidwa kuti agwire ntchito, ndipo ayenera kumabwerera kwa makolowo kukafotokoza zomwe achita.

Za mnzathu wosabwera Lolembayo sindimuikira kumbuyo, ana akutaya tsiku limodzi mwa asanu. Koma pofunsa a hedi mufunsenso chifukwa chake. Pali ena amajomba chifukwa cha mowa, pali ena banja lili kutali ndipo pafupi ndi sukulu palibe nyumba, pali ena amapita kuchipatala ndipo safuna kuti mudzi wonse udziwe. Zomwe mwamva pamsonkhano wa komiti zokhudza munthu zizithera pomwepo.

Chomaliza, chenjerani ndi anzanu a m'komiti momwemo. Wapampando wina yemwe tinali naye ankapereka ntchito yowumba njerwa kwa mlamu wake chaka chilichonse, mitengo osafunsa kwina. Membala amene m'bale wake akufuna kugulitsa kanthu kusukulu azinena poyera, ndipo azituluka panja anzake akamasankha.

Mayi wa ana atatu anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kangapo. Dzulo ndinapita. Ndinawauza a hedi kuti macheke opanda kanthu sindisaina, koma akandifuna anditumire mwana wanga ndi kakalata, ndizifika tsiku lomwelo chifukwa sindikhala kutali. Poyamba nkhope inagwa, anakhala chete. Kenako ndinawafotokozera nkhani ya simenti ija ya achikulire. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti komiti yakale inkasowa miyezi itatu osaoneka, n'chifukwa anazolowera kutero.

Tagwirizana kuti komiti yonse ikumane Loweruka lino. Chitseko cha chimbudzi cha atsikana ndachiika poyamba pamndandanda, ndipo mlembi wapita kale kwa akalipentala awiri kukafunsa mitengo. Funso la ana owerenga mu Sitandade 2 ndalilemba kuseri kwa kope langa latsopano, ndikalifunsa. Za mphunzitsi uja a hedi anati akuzidziwa, akayankha pamsonkhano.

Chatsala chimodzi. Malisiti ofufutika aja ndichite nawo bwanji? Alipo 11 omwe sakuwerengeka n'komwe.

Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito anayankha:

Musawataye, Mayi, ndipo musalembepo chilichonse pamwamba pake ngakhale mukuganiza kuti mwazindikira nambala yake. Alembeni manambala 1 mpaka 11 kuseri ndi pensulo, muwaike mu envulopu yawoyawo. Loweruka muitane msungichuma wakale abwere, afotokoze pamaso pa komiti kuti iliyonse inali ya chiyani, muyerekeze ndi sitetimenti ya ku banki ya miyezi imeneyo. Zomwe zagwirizana mlembi alembe kuti zagwirizana, zomwe sizikudziwika alembe kuti sizikudziwika, onse asaine. Malisiti atsopano, makamaka a pepala loterera a m'makina aja, muziwajambula pafoni tsiku lomwelo chifukwa sachedwa kufufutika.