Kodi diazepam amasiya bwanji popanda ngozi?

Abale, ndithandizeni nzeru. Mayi anga adokotala adawalembera diazepam chifukwa cha nkhawa yomwe inkawasowetsa tulo. Ndawerenga kuti mankhwalawa sayenera kumwedwa kupitirira masabata 2 mpaka 4, koma iwo akhala akumwa kwa miyezi ingapo tsopano. Akadumphitsa tsiku, manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda kwambiri. Ndikudziwa kuti kusiya mwadzidzidzi kungachititse munthu kugwa ngati wakhunyu, n'chifukwa chake sindikufuna kuwabisira mapiritsiwo.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti masana amangowodzera, ndipo poti ndi achikulire ndikuopa angagwe n'kuthyoka. Inu amene mudachepetsapo pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi dokotala, zidakutengerani nthawi yaitali bwanji? Nanga tikapita kuchipatala, tikafunse zotani?