Tiyambire pati: marampu, chimbudzi kapena makompyuta olankhula?

Mlembi_wa_Komiti:
Moni nonse. Ndikufunsa m'malo mwa komiti ya pakoleji ina kuno kumwera. Chaka chamaphunziro chikudzachi tikulandira ophunzira atatu aulumali: mmodzi amayendera njinga ya olumala, wina ndi wosaona, wachitatu ali ndi vuto la kumva. Nyumba zathu ndi zakalekale. Pakhomo la laibulale pali masitepe atatu, lililonse masentimita 17. Labu ya makompyuta ili m'mwamba ndipo chikepe mulibe. Zimbudzi ndi zija zoti ukalowa umatseka chitseko utapendekeka. Ndalama yomwe atipatsa singakwanire zonse. Ena m'komitimu akuti tithire marampu (njira zotsetsereka zodutsapo njinga m'malo mwa masitepe) paliponse zioneke kuti tagwira ntchito, ena akuti tigule makompyuta olankhula. Inu odziwa, tiyambire pati? Nanga kontirakita timuuze miyeso yanji kuti asatiyendetse m'madzi?

Mmisiri_Wamkulu:
Alembi, musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, bwerekani njinga ya olumala, mmodzi wa inu akhalepo ayende yekha kuchoka ku hositelo, kukadya, kukalasi, ku laibulale mpaka kuchimbudzi. Wina asamukankhe. Paliponse pamene wakanirira, lembani. Kawirikawiri chomuimitsa choyamba si masitepe ayi, koma ngalande yosavundikira kapena kanjira kamiyala ndi mizu ya mitengo.

Za rampu, lamulo ndi ili: sentimita imodzi yokwera imafuna masentimita 12 a utali. Masitepe anu atatuwo ndi masentimita 51, ndiye rampu isachepere mamita 6.12. Apa ndi pamalire penipeni. Malo akakhalapo werengerani 15 kapena 20, chifukwa wokwerayo akudzikankha ndi manja, chikwama cha mabuku chili kumbuyo. Onjezerani malo athyathyathya a mamita 1.5 pansi ndi pamwamba. Apamwambawo muyeze kuyambira pomwe chitseko chimafika chikatsegukira kunja, kupanda apo munthu azibwerera m'mbuyo pamtsetse kuti chitseko chidutse. Malo akavuta, rampu iyende m'mbali mwa khoma kapena ikhote ngati L.

Chimene amisiri ambiri amachita ndi kuthira konkire pamwamba pa masitepe omwewo, kuchoka pa lapamwamba kukathera patsogolo pang'ono pa lapansi. Zimatuluka mamita awiri, ndiye kuti 1 pa 4. Pokwera, timatayala takutsogolo timanyamuka njinga n'kugwa chagada. Potsika, manja sangaigwire. Rampu yotere ndi ya wilibala basi. Musamulipire kontirakita musanayeze nokha ndi tepi.

M'lifupi ikhale mamita 1.2, kapena 1.5 pomwe pamadutsa anthu ambiri. M'mbali muike kamlomo ka masentimita 10 kuti tayala lisapsonthe. Zogwirira za paipi ya mamilimita 40 mbali zonse ziwiri, pa msinkhu wa masentimita 90, ndipo zipitirire masentimita 30 kumapeto. Zimenezi zimathandiza kwambiri oyendera ndodo. Pamwamba pa konkire asasalaze ndi chipande chachitsulo, asapakenso polishi wofiira uja. Adutsitsepo tsache mopingasa ikadali yaiwisi, ndipo ipendekere pang'ono kwambiri, 1 pa 50, madzi asamaime. Madzi akamaima, pofika Febuluwale pamera ndere ndipo paterera kuposa therere.

Koma ndikanakhala ine, ndalama yoyamba ikanapita kuchimbudzi. Munthu amene alibe kolowera amasiya kumwa madzi tsiku lonse kuti asafune kutaya, mapeto ake ndi matenda a chikhodzodzo. Gumulani khoma la pakati pa zimbudzi ziwiri mupeze chipinda cha mamita 2.2 ndi 1.5. Chitseko chitsegukire kunja, chifukwa munthu akagwa m'kati thupi lake limatsekereza chitseko cholowera m'kati. Zitseko zambiri za m'mahadiweya ndi za masentimita 81, koma mukachotsera kukhuthala kwake ndi felemu, podutsa pamatsala mwina 75, zala zimakhulika. Ikani cha 90, chogwirira chake chikhale chotsindikiza, osati chobulungira chija chopotokola. Mpando wa chimbudzi ufike masentimita 48 kuchoka pansi, mbali imodzi pakhale danga loimikapo njinga. Zitsulo zogwirira muzimange ndi mabawuti olowa m'njerwa, osati tizomangira ta pulasitiki ta m'pulasitala. Munthu amatsamirapo thupi lonse. Ndipo chonde, chipindachi chisasanduke mosungira mamopu, kiyi ali kwa mlonda.

Nachisale_Zomba:
Ndikugwirizana ndi bambo mmisiri, koma ndionjezepo ziwiri. Munthu wa miyendo yabwino akakhala panjinga ola limodzi amaona masitepe ndi ngalande zokha. Aimbireni eni akewo abwere sukulu isanatsegulidwe ayende nanu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iwo ndi amene akudziwa pomwe nsapato ikuwawa. Wosaonayo akuonetsani zina zoti simukuziganiza: mawindo otsegukira m'khonde pa msinkhu wa nkhope, zozimitsira moto zopachikidwa pakhoma, nthambi zogwera m'njira. Ndodo yoyera imafufuza pansi pokha, zam'mwamba siziona.

Za labu ya m'mwamba, chikepe muchiiwale kaye. Mtengo wake umeza bajeti yonse, chimafuna wochikonza pafupipafupi, ndipo magetsi akazima munthu watsekeredwa m'mwamba. Tsitsani makompyuta angapo m'chipinda chapansi, kapena labu yonse isinthane ndi kalasi yapansi. Kenako khalani pansi ndi amene amakonza taimutebulo: kosi iliyonse yomwe wophunzirayu akutenga aiike m'chipinda chapansi, ndipo asamupatse makalasi otsatizana m'nyumba zotalikirana. Izi sizifuna ndalama, zimangofuna kuti zichitike taimutebulo isanatuluke. Kumunyamula pamasitepe anzake anayi si yankho. Ndi zoopsa, komanso munthu wamkulu sakondwa nazo. M'makalasi a mabenchi okhomerera, zulani benchi imodzi muike tebulo lomwe kunsi kwake kuli danga la masentimita 70 kuti mawondo alowe.

Mukamakambirana ndi akuluakulu a koleji muwakumbutse kuti izi si zachifundo. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo pali lamulo la anthu aulumali la 2024 lomwe linalowa m'malo mwa lija la 2012.

ICT_Kalulu:
"Kompyuta yolankhula" musakagule, sipafunika yapadera. Kompyuta iliyonse ya Windows imalankhula mukaikamo pulogalamu yowerenga zapasikirini. NVDA ndi yaulere. JAWS ndi yogula ndipo ndi yodula. Ikani NVDA pamakompyuta onse a mu labu ndi mu laibulale, osati imodzi ya pakona, mugule mahedifoni. Wophunzirayo mumuikirenso ina pa fulashi, imayenda osaiika m'kompyuta. Pafoni zilipo kale: TalkBack pa Android, VoiceOver pa iPhone. Liwu la Chingerezi limaphwanya Chichewa koopsa, ndiye pa zolemba za Chichewa yesani liwu la Chiswahili la eSpeak lomwe limabwera ndi NVDA. Limatchula zilembo momwe zalembedwera.

Vuto lenileni lili pa manotsi. Mphunzitsi amatenga buku, kulijambula ndi foni, kulisandutsa PDF n'kuponya pagulu la WhatsApp. Kwa NVDA tsamba limenelo ndi chithunzi, mulibe liwu ndi limodzi lomwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani fayiloyo, dinani Ctrl ndi F, fufuzani liwu lomwe mukuliona patsambapo. Likapanda kupezeka, ndiye kuti wosaona sawerenga. Mankhwala ake ndi OCR, pulogalamu yosandutsa chithunzi kukhala zilembo, koma imafuna tsamba lojambulidwa mowongoka pa sikana, pa mlingo wa kuoneka bwino wa 300 dpi, ndipo munthu adutsemo kukonza. Fotokope ya fotokope, yodetsedwa m'mphepete ndi yolembedwalembedwa ndi bolopeni, imatulutsa zamkutu.

Chophweka kuposa zonsezi: aphunzitsi apereke fayilo ya Word yomwe analembera manotsiwo, phunziro lisanachitike. Mitu aziika ndi Heading 1 ndi Heading 2, osati kungokulitsa zilembo. Zikatero wophunzira amalumpha mutu ndi mutu. Zikapanda kutero amvetsere masamba 40 kuchokera pachiyambi pofuna ndime imodzi. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ochifotokoza, aja amati alt text. Webusaiti yolembetsera makosi ndi Moodle (webusaiti yophunzirirapo) muziyese chonchi: chotsani mausi, yendani ndi batani la Tab lokha mpaka mutalembetsa. Pomwe mwakanika, iyenso akanika, makamaka pa tizilembo topindika tija totsimikizira kuti ndinu munthu.

Braille musaitaye poti kuli kompyuta. Masamu, matebulo ndi kalembedwe ka mawu zimalowa bwino ndi zala. Makina olembera Braille a Perkins safuna magetsi. Makina osindikiza Braille amafuna pepala lokhuthala, popeza pa pepala wamba timadontho timaphwa, komanso amasokosa, ndiye asakhale mowerengera. Tsamba limodzi losindikizidwa limatenga masamba a Braille pafupifupi atatu, werengerani mapepala moyenera. Zojambula monga mapu ndi magirafu, ulusi womata ndi guluu pa katoni umagwira ntchito. A ku Montfort ku Nguludi amaphunzitsa aphunzitsi a zimenezi, afunseni nzeru. A laibulale akamaopa za umwini wa mabuku, auzeni za pangano la Marrakesh la 2013, lomwe Malawi inalowamo mu 2017. Limalola kusandutsa mabuku kuti osaona awerenge.

Mayi_Womasulira:
Wachitatuyo nthawi zambiri ndiye amaiwalika, poti masitepe amakwera bwinobwino. Choyamba mufunseni ngati amagwiritsa ntchito chinenero chamanja, kapena amamva pang'ono n'kumawerenga milomo; zosowa zawo n'zosiyana. Ngati ndi chamanja, ndalama ya womasulira ilowe mu bajeti ya chaka chilichonse, si chinthu chogula kamodzi ngati simenti. A MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi, angakulozereni omasulira. Phunziro lopitirira ola limafuna awiri osinthana pakatha mphindi 20 kapena 30, munthu mmodzi akatopa amayamba kudumpha mfundo. Womasulira alandire manotsi dzulo lake kuti agwirizane ndi wophunzira zizindikiro za mawu apadera a phunzirolo. Mukazimitsa magetsi chifukwa cha pulojekita, pamene paima womasulira pakhale kuwala. Wophunzirayu sangayang'ane manja n'kumalembanso, ndiye pakhale mnzake womulembera. Aphunzitsi asamayankhule atayang'ana kubolodi, ndipo kusintha kwa kalasi kapena tsiku la mayeso kulengezedwe molemba.

Mlembi_wa_Komiti:
Zikomo kwambiri nonse, zatitsegula maso. Latsala limodzi: mayeso a wosaonayo tiziyendetsa bwanji?

ICT_Kalulu:
Gwirizanani naye semesita ikamayamba, osati sabata ya mayeso: Braille kapena laputopu. Ikakhala Braille, pepala la mafunso lifike kwa wosindikiza masiku angapo mayeso asanafike, pansi pa chinsinsi chomwecho cha mapepala ena, ndipo wosandutsa mayankho ake kukhala zilembo wamba apezekeretu kuti malikisi asachedwe. Ikakhala laputopu, ikhale ya koleji, yopanda intaneti, batire yodzaza, mafunso ali mu Word, ndipo azisunga ntchito yake pafupipafupi. Nthawi yoonjezera ilembedwe m'malamulo a mayeso kuti woyang'anira asamaganizire yekha. Funso loti "onani chithunzi chili m'munsichi" mphunzitsi alikonzeretu mwa mawu kapena chogwirika. Wa Perkins mumupatse chipinda chake, makinawo amagogoda ngati taipi yakale.